Mwana wathu angalowe bwanji pa mpikisano? Malamulo a masewera a anthu a ulumali wa kaganizidwe

Nkhani ya ulendo uno yachokera pa funso limene mayi wina anatifunsa pa msonkhano wathu wa makolo, anthu atayamba kale kupinda mipando. Mayiwa ali ndi mnyamata wa zaka 15 amene maphunziro amamuvuta kwambiri, koma akangolowa m'dziwe losambiramo amasiya anzake onse m'mbuyo. Mphunzitsi wa zosambira anawauza kuti mwanayo angathe kufika patali, koma ayambe wapimidwa ndi katswiri kuti alembedwe m'kaundula wa osewera a ulumali wa kaganizidwe. Mayiwa anabwerera kunyumba ali khuma. Kwa zaka zonsezi akhala akukana kuti mwana wawo apatsidwe dzina la vuto lililonse, ndiye lero akumva kuti popanda dzinalo chitseko sichitseguka. Anatifunsa kuti: "Nanga mapepala onsewa ndi a chiyani? Kodi akuganiza kuti ife tikunama?"

Yankho lake ndi lowawa pang'ono. Alipodi anthu amene ananamapo, ndipo bodza lawo linatsekera kunja osewera osalakwa a dziko lonse lapansi kwa zaka 12. Malamulo amene alipo lero anabadwa m'manyazi amenewo. Choncho taona kuti ndi bwino tifotokoze kumene malamulowa anachokera, zimene amafuna, ndi malo amene ife okhala kunja kwa dziko lathu timapunthwa kawirikawiri. Mfundo yathu ndi imodzi: chikalata chimene ambirife timachiopa ndicho chimene chimatsegulira mwana njira ya kubwalo, ndipo ndichonso chimamuteteza kwa anthu achinyengo.

Ulumali umene tikunena pano

Tiyambe tamvana pa mawu. Ulumali wa kaganizidwe si misala, si khunyu, ndiponso si ulesi. Ndi pamene munthu, kuyambira ali mwana, amachedwa kumvetsa zinthu, kuphunzira zatsopano ndi kudzisamalira pa moyo wa tsiku ndi tsiku poyerekeza ndi anzake a msinkhu wake. Zoyambitsa zake n'zambiri. Ena amabadwa nawo, monga ana a Down syndrome. Ena anabanika pobadwa. Ena anadwala malungo aakulu ofika ku ubongo kapena matenda oumitsa khosi ali aang'ono. Ndipo kwa ena ambiri madokotala sapeza chifukwa chenicheni. Kumudzi tinkamva anthu akunong'onezana kuti bambo a mwanayo anamukhwimira pofuna chuma, kapena kuti mayi ake analakwira mwambo ali ndi pakati. Miseche imeneyi ndiyo inatiphunzitsa kubisa ana m'nyumba, ndipo ena a ife tinaoloka nayo nyanja. Komatu akuluakulu omwewo ndiwo ananena kuti lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza.

Pa Chingerezi napo pali msampha. Ku Britain mawu akuti learning disability ndiwo amatanthauza ulumali umene tikunenawu, pamene learning difficulty amanena mavuto ena monga dyslexia, imene ndi vuto la kuwerenga ndi kulemba. Ku America zinthu zimatembenuka: kumeneko learning disability ndi mavuto onga dyslexia aja, ndipo ulumali umene tikunenawu amautcha intellectual disability. Kholo likhoza kudzaza fomu yolakwika chifukwa cha timawu timeneti. Tidziwiretu kuti mwana wa dyslexia yokha, kapena wa ADHD yokha, salowa m'gulu la masewera limene tikufotokoza pano.

Zimene zinachitika ku Sydney

Mu Okutobala chaka cha 2000 mzinda wa Sydney ku Australia unachititsa masewera a Paralympics, mpikisano waukulu koposa wa anthu aulumali. Osewera a ulumali wa kaganizidwe anali atangoyamba kumene kulandiridwa. Ku Atlanta mu 1996 analipo ochepa, koma ku Sydney anapitirira 200, ndipo anapikisana pa kuthamanga, kusambira, tenisi ya patebulo ndi basketball. Pa basketball timu ya Spain inalibe woiimitsa, ndipo mu ndime yomaliza inakwapula Russia ndi mapointi 87 kwa 63 n'kutenga mendulo ya golide.

Patangopita milungu yochepa, mmodzi wa osewera a timuyo, Carlos Ribagorda, anaulula m'magazini ya Capital kuti iye anali mtolankhani, analibe ulumali uliwonse, ndipo anakhala m'timumo zaka ziwiri popanda womuyeza nzeru. Malinga ndi iye, kupimidwa kokha kumene anakuona kunali kuuzidwa kuti achite masewera olimbitsa mikono kangapo ndi kuyezedwa kuthamanga kwa magazi. Anafotokozanso kuti pa masewero ena, timu itatsogola kwambiri, mphunzitsi anauza anyamatawo kuti achepetseko mphamvu kuopa kuti anthu angawatulukire. Atafufuza anapeza kuti mwa osewera 12, khumi sanali oyenera kukhala m'timumo.

Chinakopa akuluakulu a timuyo si china ayi koma ndalama ndi ulemu, pakuti mamendulo amabweretsa thandizo la boma ndi la makampani. Mamendulo anabwezedwa, koma mlandu unatenga zaka 13. Mu 2013 khoti la ku Madrid linapeza wolakwa munthu mmodzi yekha, Fernando Martín Vicente, amene anali mkulu wa bungwe loyendetsa masewerawa ku Spain. Analipitsidwa chindapusa cha mayuro 5,400 ndi kulamulidwa kubweza ndalama za boma zoposa mayuro 140,000. Mmodzi wa osewera awiri amene analidi ndi ulumali anali mtsogoleri wa timuyo, Ramón Torres. Nayenso anabweza mendulo yake, ngakhale kuti sanalakwe kanthu.

Chilango chinagwera onse

Nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Mu 2001 komiti yaikulu ya Paralympics, IPC, inaimitsa bungwe la INAS-FID limene linkayang'anira osewera a ulumali wa kaganizidwe, ndipo inati osewerawa asapikisanenso kufikira patapezeka njira yodalirika yotsimikizira kuti woyenera ndani. Vuto lake linali lomveka. Munthu wodulidwa mwendo aliyense amamuona, koma ulumali wa kaganizidwe suoneka ndi maso, ndipo munthu wochenjera akhoza kuunamizira. Motero ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008 osewerawa sanalimbirane nawo mamendulo. Dan Pepper wa ku Britain anali katswiri wa kusambira m'zaka zimenezo. Anaphonya Beijing ali pa msinkhu wa mphamvu zake, n'kudzafika pa Paralympics mu 2012, ndipo mu 2021 anakonza pulogalamu ya pa wailesi ya BBC yofotokoza zimene chinyengo chija chinamulanda iye ndi anzake. Pofuna kuti osewera asangokhala, bungwe la INAS-FID linayambitsa mpikisano wakewake wotchedwa Global Games, ndipo woyamba unachitikira ku Bollnäs m'dziko la Sweden mu 2004.

Pa nthawi yomweyo akatswiri a m'mayunivesite, makamaka gulu la Pulofesa Yves Vanlandewijck ku Leuven m'dziko la Belgium ndi Pulofesa Jan Burns wa ku Canterbury ku England, anali pa ntchito yokonza ndondomeko yatsopano. Mu Novembala 2009 msonkhano waukulu wa IPC ku Kuala Lumpur unavomereza kuti osewerawa abwerere. Ku London mu 2012 anafika pafupifupi 120, pa masewera atatu okha: kuthamanga, kusambira ndi tenisi ya patebulo. Basketball yawo sinabwererebe pa Paralympics. Ku London komweko mtsikana wa zaka 16, Jessica-Jane Applegate, anapatsa Britain golide pa kusambira mamita 200, ndipo Bethany Firth, amene panthawiyo ankaimira Ireland, anapambana pa mamita 100 osambira chagada. Bungwe la INAS-FID lija lero limadziwika ndi dzina lakuti Virtus.

Zinthu zitatu zofunika umboni

Kuti munthu alembedwe m'kaundula wa Virtus, amene ndi khomo lolowera ku Paralympics, pafunika umboni wa zinthu zitatu, zonse pamodzi.

Choyamba ndi mayeso a nzeru, amene ambirife timawadziwa ndi dzina lakuti IQ. Mayesowa anakonzedwa mwakuti munthu wapakatikati amapeza 100, ndipo anthu awiri kapena atatu okha pa 100 alionse ndiwo amapeza 70 kapena kucheperapo. Malire a masewera ndi 75 kapena kutsikirapo. Mapointi asanu owonjezerawo anaikidwa chifukwa palibe sikelo imene siphonyako. Mwana yemweyo akhoza kupeza 69 lero n'kudzapeza 73 tsiku lina. Mayeso odziwika kwambiri ndi a Wechsler, ndiwo WISC ya ana a zaka 6 mpaka 16 ndi WAIS ya akuluakulu, komanso a Stanford-Binet. Woyesa ayenera kukhala katswiri wa za kaganizidwe ka anthu wovomerezeka m'dzikolo, atakhala pansi ndi mwanayo. Timayeso ta pa intaneti, kalata ya abusa kapena ya ahedi sizingalowe m'malo mwake.

Chachiwiri ndi mmene munthu amathera kudziyendetsera moyo. Apa katswiri amafuna kudziwa ngati mwanayo amatha kuwerenga nthawi, kuwerengera chenji ku sitolo, kukwera basi yekha, kusamba ndi kuvala, kudzikonzera chakudya, kucheza ndi anzake, ndi kuzindikira munthu amene akufuna kumupusitsa. Nthawi zambiri amafunsa kholo kapena mphunzitsi pogwiritsa ntchito mafunso okonzedwa kale, monga a Vineland kapena a ABAS. IQ yotsika payokha sikwanira. Payenera kuonekanso kuti vutolo limamulepheretsadi zinthu pa moyo wake.

Chachitatu ndi nthawi imene vutolo linayamba. Liyenera kukhala loti linaonekera munthuyo akukula, osati atakula kale. Kwa zaka zambiri malire anali zaka 18. Mu 2021 bungwe la akatswiri la ku America la AAIDD linakweza malirewo kufika zaka 22, ndipo Virtus nayo imatsata zomwezo. Bambo wa zaka 35 amene wavulala mutu pa ngozi ya galimoto akhoza kuvutika kuganiza, koma salowa m'gulu limeneli.

Mapepalawa amayamba aunikidwa ndi katswiri wa m'dziko momwemo, kenako amatumizidwa ku Virtus kumene akatswiri a m'maiko ena amawaunikanso. Ichi ndicho chinasowa ku Sydney: dziko silingadzivomereze lokha. Lipoti lakale kwambiri nalo sililandiridwa, pakuti pa mpikisano wa maiko amafuna mayeso a m'zaka zisanu zapitazi.

Kupimidwa kwachiwiri

Kulembedwa m'kaundula sikutanthauza kuti wafika. Pa Paralympics pali funso lachiwiri: kodi ulumaliwo umasokonezadi masewera amene munthuyo akuchita? Wosewera amayesedwa pa kompyuta kuti aone mmene amakumbukirira zinthu, kufulumira kwake poyankha chizindikiro, ndi luso lake lokonza zochita motsatana. Akachoka apo amayesedwa pabwalo. Wothamanga mamita 1,500 amauzidwa kuti asunge liwiro lina lake lopimidwa, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti osewera a ulumaliwu amavutika kugawa mphamvu zawo kuti ziwafikitse kumapeto. Wa tenisi ya patebulo amaonedwa mmene amabwezera mipira yopotoka ndi mmene amasinthira nzeru masewero ali mkati. Mphunzitsi amadzaza fomu yofotokoza zaka zimene wosewerayo waphunzitsidwa ndi zimene zimamuvuta. Pomaliza oyesa amakamuonerera pa mpikisano weniweni, kuti aone ngati zimene anachita m'chipinda zikugwirizana ndi za pabwalo.

Akadutsa apa amalandira gulu lake: T20 pa kuthamanga ndi kulumpha, F20 pa kuponya chitsulo, S14 pa kusambira, ndi Class 11 pa tenisi ya patebulo. Tisanamizane, mpikisano umenewu si wongomverana chisoni. Michael Brannigan wa ku America, amene anapambana mamita 1,500 ku Rio de Janeiro mu 2016, anathamanga mailo imodzi m'mphindi zosakwana zinayi chaka chomwecho. Ku Paris mu 2024 Sabrina Fortune wa ku Wales anaponya chitsulo mamita 15.12, mtunda umene mkazi wina aliyense wa gulu lake anali asanaufikepo. Wonamizira akagwidwa amaletsedwa kusewera kwa zaka zingapo, ndipo chilango chimagweranso mphunzitsi kapena wina aliyense amene anamuthandiza kunama.

Ana a Down syndrome ndi a autism

Pa Paralympics gulu la ulumali wa kaganizidwe ndi limodzi lokha pa masewera alionse, ndipo apa pali dandaulo lomveka. Mwana wa Down syndrome kawirikawiri amakhala wamfupi, minofu yake imakhala yofewa, ndipo ambiri amabadwa ndi vuto la mtima. Akaima pamzere umodzi ndi mnzake amene thupi lake lilibe vuto lililonse, mpikisano watha usanayambe. Pofuna kukonza zimenezi, Virtus inakhazikitsa magulu atatu pa mipikisano yake. II1 ndi gulu lija lopita ku Paralympics. II2 ndi la amene ali ndi ulumali wa kaganizidwe pamodzi ndi vuto lina lalikulu la m'thupi, ndipo ambiri mmenemo ndi a Down syndrome, amene umboni wawo umachokera pa kuyezedwa magazi. II3 ndi la anthu a autism. Magulu onse atatu anapikisana pa Global Games ku Vichy m'dziko la France mu 2023, koma ku Paris mu 2024 II2 ndi II3 kunalibe. Palinso mpikisano wa anthu a Down syndrome okhaokha, Trisome Games, umene unayambira ku Florence m'dziko la Italy mu 2016.

Kholo la mwana wa Down syndrome lidziwenso kuti mwa ana ena otere mafupa awiri oyamba a m'khosi sagwirana molimba. Dokotala ayenera kuona zimenezi mwana asanayambe masewera ogwedeza khosi, monga kudumphira m'madzi chamutu kapena kugunda mpira ndi mutu.

Khomo lalikulu la Special Olympics

Si mwana aliyense amene adzafike ku Paralympics, monganso si mnyamata aliyense wosewera mpira wachikulunga amene amadzavala yunifolomu ya Flames. Pali khomo lina lalikulu limene ambiri amalisokoneza ndi Paralympics. Special Olympics inayambitsidwa ndi Eunice Kennedy Shriver, mlongo wake wa Pulezidenti John F. Kennedy, ndipo mkulu wake wa mayiyu, Rosemary, anali ndi ulumali wa kaganizidwe. Mpikisano woyamba unachitikira pa bwalo la Soldier Field mu mzinda wa Chicago mu Julaye 1968, ndipo panali osewera pafupifupi 1,000 ochokera ku America ndi ku Canada.

Kuno malamulo ndi ofewerapo. Aliyense wa zaka 8 kapena kuposerapo amene dokotala, sukulu kapena bungwe lodziwa ntchitoyi latsimikiza kuti ali ndi ulumali wa kaganizidwe, kapena vuto la kakulidwe lofanana nawo, akhoza kupikisana. Ana a zaka 2 mpaka 7 ali ndi pulogalamu yawoyawo ya Young Athletes, ndipo palibe amene amakanidwa chifukwa cha ukalamba. Chilungamo chimasungidwa mwa njira ina. Osewera amaikidwa m'timagulu ta anthu atatu mpaka asanu ndi atatu, poona msinkhu, luso, ndiponso ngati ndi amuna kapena akazi, ndipo amayesetsa kuti wamphamvu ndi wofooka m'kagulu kamodzi asasiyane kuposa 15 peresenti. Mwana wothamanga pang'onopang'ono amapikisana ndi anzake a liwiro lomwelo, ndipo akhoza kutenga golide. Amene wabisa dala mphamvu pa mayeso oyamba kuti agwere m'kagulu kofooka akhoza kuchotsedwa. Opita ku mpikisano waukulu kawirikawiri amasankhidwa mwa maere pakati pa amene anapambana m'timagulu tawo. Ku Berlin mu 2023 kunasonkhana osewera oposa 6,000, ndipo mpikisano wina waukulu unakonzedwa kuti udzachitikire ku Santiago m'dziko la Chile mu 2027.

Kwathu nako bungweli liliko, monganso ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Mu Febuluwale 2014 Pulezidenti Joyce Banda, mogwirizana ndi Special Olympics, anaitanitsa atsogoleri a mu Africa ku Lilongwe kudzakambirana za ulumali, ndipo msonkhanowo unatulutsa chikalata cha Lilongwe Declaration chonena za anthu a ulumali wa kaganizidwe.

Pamene ife a kunja timapunthwa

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma mwana akasintha dziwe mbiri yake imatsalira m'mbuyo. Pali malo anayi amene mabanja athu amavutikira kuposa eni dziko.

Oyamba ndi chilankhulo. Mayeso a Wechsler ali ndi mbali yaikulu ya mawu, ndipo anakonzedwa poyesa ana okulira m'dziko limene akugwiritsidwa ntchito. Mtsikana amene wafika ku Leeds kuchokera ku Dedza chaka chatha akhoza kulephera funso, osati chifukwa cha ulumali, koma chifukwa mawuwo kapena chithunzicho n'chachilendo kwa iye. Madokotala kwathu analiona kale vutoli. Dr Melissa Gladstone ndi anzake, akugwira ntchito ku Blantyre, anapeza kuti mafunso ena a mayeso a Azungu sankagwirizana ndi moyo wa mwana wa kumudzi, ndipo mu 2010 anafalitsa mayeso a kakulidwe ka ana aang'ono okonzedwera Malawi, otchedwa MDAT. Mayeso amenewo si a masewera, koma phunziro lake ndi lomwelo. Muuzeni katswiri chilankhulo chimene mwana amalankhula kunyumba, chaka chimene anafika ndi sukulu zimene anaphunzirako. Ngati pafunika womasulira, pemphani wodziwa ntchitoyo, osati mchimwene wake wa mwanayo. Alipo mayeso osadalira mawu, monga a Raven ndi a Leiter, ndipo ndi bwino kufunsa bungwe la masewera ngati liwalandira. Apa cholakwika chikhoza kugwera mbali iliyonse: mwana wopanda ulumali kupatsidwa dzina losakhala lake, kapena lipoti la mwana woyenera kukayikiridwa chifukwa silinafotokoze za chilankhulo.

Achiwiri ndi umboni wa ubwana. Mwana wobadwira kuno mapepala ake amakhala alipo kale: EHCP ku England, IEP ku America, mafomu a SIAS m'sukulu za ku South Africa. Koma amene anabwera atakula mbiri yake ili kumudzi. Tikunena khadi la ku sikelo, kabuku ka kuchipatala mmene munalembedwa za malungo aakulu aja, malipoti a kusukulu oonetsa kuti anabwereza Sitandade 2 katatu, kapena kalata ya mphunzitsi wa maphunziro apadera, mwina wophunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu. Mapepala amenewa ali m'sutikesi ya agogo, ndipo chiswe sichidikira munthu. Imbani foni sabata ino kuti awajambule n'kutumiza. Amene sanalembedwe m'Chingerezi ayenera kumasuliridwa.

Achitatu ndi manyazi athu. Katswiri akafunsa ngati mwana amatha kupita yekha ku sitolo, mtima wa kholo umafuna kuyankha kuti inde, amatha zonse. Timaopa kuoneka ngati talephera kulera. Koma yankho lokometsa limachititsa kuti lipoti linene kuti palibe vuto, ndipo mwana amatsekeredwa kunja, pa masewera ngakhalenso pa thandizo la kusukulu. Mbali inayi, tisayese kumuuza mwana kuti akadzipusitse pa mayeso. Akatswiri amaona ngati zotsatira sizikugwirizana, ndipo tikatero ndiye kuti tikubwereza tchimo la ku Sydney. Tinene zoona zokhazokha: zimene amachita yekha, zimene amachita tikamukumbutsa, ndi zimene sitinamupatsepo mpata woyesa. Chomalizachi n'chofunika, pakuti m'mabanja mwathu muli anyamata a zaka 17 amene sanagwirepo mthiko, osati chifukwa cha ulumali, koma chifukwa cha kaleredwe.

Achinayi ndi unzika. Mwana akhoza kusewera m'kalabu ya m'dera, koma pa Paralympics munthu amaimira dziko limene iye ndi nzika yake. Banja limene lili ndi chilolezo chokhalira chabe liyenera kudziwa zimenezi msanga, lisadzazimve mwana atayamba kale kupambana. Dziko lathu linaonekera koyamba pa Paralympics ku Rio de Janeiro mu 2016, pamene Taonere Banda, wothamanga wa vuto la maso, ananyamula mbendera ya Malawi. Palibe cholakwika kulakalaka kuti tsiku lina mwana wokulira kuno adzanyamule mbendera yomweyo, koma njira yake imadzera m'mapepala omwewa.

Tiyambire pati?

Yambani pafupi: kalabu ya m'dera, sukulu, kapena nthambi ya Special Olympics, kumene mwana angayambe kusewera popanda kudikira ndondomeko yonse tafotokozayi. Aphunzitsi akaona kuti luso lilipo, lemberani bungwe loimira Virtus m'dziko limene mukukhala, monga SportExcel UK ku Britain, Athletes Without Limits ku America, SASA-II ku South Africa ndi Sport Inclusion Australia ku Australia. Pemphani mndandanda wa zofunika musanapite kwa katswiri, chifukwa kuyezetsa kwa katswiri woima payekha n'kodula, ndipo lipoti losowa mbali imodzi limabwezedwa. Onaninso malipoti amene sukulu ili nawo kale, pakuti nthawi zina mayeso ofunikawo anachitidwa koma kholo silinapatsidwe pepala lake. Ndondomekoyi imatenga nthawi, choncho musadikire kuti mpikisano uyandikire.

Chinthu china chimene tisaiwale ndi kumufunsa mwini wake. Mnyamata wa zaka 15 ali ndi maganizo ake pa nkhani ya kupimidwa ndi kulembedwa m'kaundula. Tikhale naye pansi, timufotokozere m'mawu amene angamve, ndipo timve zimene iye akufuna.

Mayi aja tinacheza nawo mpaka wosamalira holo anayamba kuzimitsa magetsi. Anachoka atanena kuti akaimbira achemwali awo ku Ntcheu kuti akafufuze kabuku ka kuchipatala, ndipo za kupimidwa akambirana kaye ndi bambo a kunyumba komanso ndi mwanayo. Mnyamatayo akusambirabe Loweruka lililonse.

Pakati pathu pali anamwino, aphunzitsi ndi ogwira ntchito yosamalira anthu amene mafomu oterewa amawadziwa bwino. Tikupempha kuti adzipereke kudzera ku komiti, kuti kholo limene lasokonezeka ndi mapepala lipeze womufunsa m'chilankhulo chathu. Ndipo pa tsiku lathu la masewera likubwerali, ana amene takhala tikuwasiya kunyumba abwere nawo, athamange limodzi ndi anzawo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.